Ababa atsala ku Chikala

Amayi anga, kumeneko muli bwanji? Ife kuno ku Balaka tilipo, kungoti dzuwa layamba kale ukali wake uja. Ndakhala pakhonde, makina osokera ndawavundikira, ana apita kukasewera kwa amayi aang'ono, ndiye ndati ndicheze nanu. Nkhani zachuluka, ndipo ina ndi yolemera pang'ono, koma ndiyamba ndi zopepuka monga munkachitira inu mukachokera ku ulendo.

Pathupi paja munandisiya napo ndinachira bwinobwino, mwana wamkazi. Tinamupatsa dzina lanu, Elina. Pano akuyenda, ndipo akakwiya amakweza chibwano ngati inu nomwe, mpaka amalume a Jonasi amaseka nkumati achemwali awo abwerera. Tadala walowa Sitandade 3, amawerenga chilichonse chimene wachiona, ngakhale mapepala okulungira matemba. Yamikani wayamba sukulu mwezi uno. Tsiku loyamba anabwerako nsapato zili m'manja, akuti ankaopa kuti zitha.

Chimanga sichinachite bwino chaka chino. Mvula inadula chikungoyamba kumasula, ndiye m'nkhokwe muli manyazi okhaokha. Nandolo ndi khobwe ndi zimene zatiimika. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri, koma mmodzi anagwidwa ndi agalu a kutsidya. Mjigo wa patchalitchi unawonongeka, tikutunga kusukulu, ndipo mzere wake mukanauona mukanatenga ndowa nkubwerera.

Tsopano za ababa. Mwambo wosudzula utachitika, amalume a Jonasi anawauza pamaso pa anthu kuti, "Alamu, takumasulani monga mwa mwambo, koma pano ndi panu. Ana ndi anu, zidzukulu ndi zanu, musapite kulikonse." Ababa anawomba m'manja nkuthokoza. Koma Amayi, munthu uja anayamba kufota tikuona. Ankadzuka m'mawa, kutulutsa mpando wawo, kukhala pansi pa mtengo wa nimu mpaka mthunzi kuwathawa. Wailesi osatsegula. Chakudya ankangodyako kuti ndisadandaule. Tsiku lina ndinawamva akupempha amayi aang'ono kuti athyoleko mandimu awiri, mumtengo umene anadzala okha ine ndisanabadwe. Ndinalowa m'nyumba nkukalira kuseri kwa chitseko. Inu munkati mwana akadwala dzino nyumba yonse imatafunira mbali imodzi. Ifenso tinkayenda monyang'ama pakhomo pathu pomwe.

Sukulu zili pafupi kutsekera, kunabwera foni kuchokera kwawo kwa ababa, ku Chikala. Anaimba ndi msuweni wanga Patuma, mwana wotsiriza wa azakhali a Lusiya. Anati azakhali maso akuchita khungu, ndipo akufuna aone zidzukulu za mchimwene wawo kusanaderetu. Abambo a Tadala, poti nawonso ophunzira awo anali akupita kutchuthi, anati, "Tiyeni tonse tipite. Ana akaone phiri, inu mukapume makina, ababa akawombedwe mphepo ina." Ine kumapiri kuja ndinali ndisanafikeko chibadwire. Inu munkati munakwerako kamodzi kokha muli mtsikana, nkulumbira kuti mawondo anu si a mbuzi.

Ababa poyamba anakana. Anati akalamba, msewu ndi wautali, nkhuku zitsala ndi yani. Tinawasiya. Koma m'mawa wa tsiku la ulendo nditatuluka kuti nditereke madzi, ndinawapeza atakhala pampando, atavala jekete ya kutchalitchi, kachikwama kali pamiyendo.

Ulendo wa ndi ana mukuudziwa. Tisanafike ndi ku Liwonde komwe, Yamikani anali atasanza kale pa thalauza ya abambo ake. Pamlatho wa Shire Tadala anakuwa kuti waona mvuu, minibasi yonse nkusuzumira, koma chinali chitsa. Ku Ntaja tinatsika dzuwa lili pamutu, kumzikiti kukuitanidwa mapemphero. Tinagula shuga, sopo ndi chitenje cha azakhali, kenako tinakwera njinga zamoto za kabaza, Elina ali kumsana, Yamikani atapanidwa pakati pa abambo ake ndi woyendetsa. Msewu unayamba kukwera, fumbi lofiira, miyala, mpaka anyamata a njinga anaima nkunena kuti apa ndi pomwe njinga zimathera, kwatsalako ndi kwa miyendo.

Ndinkada nkhawa ndi ababa. Ndinati tiziyenda pang'onopang'ono, tizipuma. Koma atangoponda kanjira kaja anatsogola ndi iwo. Pamphambano sanafunse munthu. Ankangoti, "Apa tikhotere kumanzere, kutsogoloku kuli mtsinje," ndipo mtsinje tinkaupezadi.

Azakhali tinawapeza pakhonde akusenda nandolo. Atamva mapazi anatukula mutu, maso ali mbuu. Ababa anaima pabwalo nkuwapatsa moni m'Chiyao, "Ali uli?" Lichero linagwa, nandolo mbwee pansi. Azakhali anangotchula dzina la ubwana la ababa, limene ine sindinalimvepo, nkutambasula manja. Anawagwira nkhope, makutu, imvi, kwinaku akuseka misozi ikutsika. Kenako anatigwira tonse mmodzimmodzi. Atafika pa Elina anafunsa dzina, ndipo nditawauza anati, "Mlamu wanga uja anandilonjeza kuti adzabweranso. Ndi uyu wabwera."

Amayi, kumene kuja ndi dziko lina. M'mawa kumazizira mpaka ana kukanirira m'bulangete, mwezi womwewo kuno tikugona zitseko zili pululu. Madzi amatuluka pansi pa thanthwe, oyera, ozizira ngati a mufiriji. Tsiku loyamba Yamikani anaviika phazi nkuthawa akukuwa kuti madzi amuluma. Tsiku lotsatira kumutulutsamo kunali kolimbana. Iye ndi Tadala ankatseka kamtsinje ndi miyala, kugwira nkhanu, kubwera kunyumba milomo ili bii ndi kuzizidwa. Elina anali ndi zotupa za thukuta m'khosi zimene ndinalimbana nazo miyezi, koma kumeneko zinauma zokha. Ine ndinagona tulo ta masana, chinthu chimene ndinasiya kalekale. Abambo a Tadala ankapita ndi amuna a Patuma kukadula nsungwi, nkubwerako manja ali matuza, akunyada ngati apha njovu.

Anyani ndi amene anatisowetsa mtendere. Ankatsika m'phiri dzuwa likamatuluka kudzaba nthochi. Wina wamkulu analanda chinangwa m'manja mwa Yamikani, nkukakhala pamwala kumadya akumuyang'ana. Mwana analira, osati chifukwa cha mantha, koma akuti nyaniyo sananene zikomo.

Koma chimene ndinkayang'ana kwambiri ndi ababa. Kumunsi kwa nyumba ya azakhali kuli dimba la makolo awo, limene linagonera chifukwa ngalande yobweretsa madzi inakwiririka. Tsiku lachiwiri lomwe anabwereka khasu. Ndinawaletsa, ndinati akumbukire kuthamanga kwa magazi. Anangondiyang'ana nkumapita. Pofika madzulo madzi anali akuyenda m'ngalande, ana akuthamanga nawo limodzi kutsogolo kwake. Anadya mbale yonse, nkupempha ina. Ankacheza ndi azakhali m'Chiyao mpaka kutsamwa ndi kuseka. Amayi, kodi inu munkadziwa kuti ababa amatha kuimba? Ine ndinakula osadziwa.

Kutatsala masiku ochepa kuti tibwerere, ananena kuti akufuna akaonetse ana thanthwe limene ankakhalapo akudyetsa mbuzi ali mnyamata. Tinanyamuka kukadali kozizira, Elina tinamusiya ndi Patuma. Njira yake ndi yoimirira, ya mizu ndi miyala yoterera. Tadala ankatsogola ngati kambuzi. Yamikani anatopa pakati panjira nkukhala pansi, akuti miyendo yake yatha mafuta. Abambo ake anati amunyamule, koma ababa anati, "Mpatseni kuno," nkumukweza pamapewa. Ankamuonetsa mitengo, uwu ndi msuku, zipatso zake zimapsa mvula ikamayandikira, uwu ndi muwanga, nkhwangwa imauopa. Ine ndinkabwera pambuyo ndikupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, ndipo ndinakumvetsani za mawondo zija.

Kenako tinafika pamwamba pake. Dziko lonse linali pansi pathu, minda ngati zigamba, midzi ngati nyerere, ndipo kutali uko nyanja ya Chilwa ikunyezimira. Ana anafunsa kuti kwathu ndi kuti. Ababa anatembenuka nkuloza kumadzulo, kuseri kwa mapiri ena. "Agogo anu aakazi ali uko," anatero. Anawauza mmene anatsikira phiri lija ali mnyamata kukafuna ganyu yonyamula mabelo a thonje ku Balaka, ndi mmene mtsikana wina pamsika wa thonje anawakalipira kuti aponda thumba lake. Tadala anafunsa kuti mtsikanayo anali ndani. Ababa anati, "Amene anandikalipira zaka zonse zotsatira." Tinaseka, iwonso anaseka.

Abambo a Tadala atatenga ana kukaona phanga lina chapafupi, ababa anandiuza kuti ndikhale pansi.

"Amake Tadala, Loweruka mukamatsika ndikuperekezani mpaka pamene pamaima njinga. Koma mukakwera nokha."

"Bwanji ababa? Mukufuna mudzabwere pambuyo?"

"Iyayi. Ine ndatsala."

Ndinawafunsa ngati pali amene anawalankhula zoipa kumudzi, kapena ngati ine ndi amene ndalephera kuwasamala.

"Palibe wandilakwira," anatero. "Azilamu anga ndi anthu abwino, ndipo iwe umandisamala ngati khanda. Koma Rozina mwana wanga, kuja ndinapitira amayi ako. Ndikadzuka m'mawa chilichonse chimene ndaona ndi chawo. Mtondo ndi wawo, khasu ndi lawo, njira ya kumjigo ndi yawo. Ndimangokhala pampando paja kudikira kuti atulukira. Kuno sanakhaleko, ndiye sindiwadikira. Ndimawakumbuka, kenako ndimagwira khasu."

Apa ndi pamene ndinawauza zimene munandiuza kuchipatala, tsiku lija munandituma kuti nditseke zenera kenako nkundigwira dzanja. Munati, "Ababa ako usadzawasiye okha. Munthu uja sadziwa ngakhale pamene pamakhala mchere." Ndinakulonjezani. Ndinawauza kuti lonjezo la kwa munthu amene anapita silibwezedwa, ndipo nditawasiya kuphiri ndidzayang'ana bwanji manda anu.

Anasisita bondo. Kenako anati, "Ananena zoona, mchere sindidziwa pamene umakhala. Koma mchemwali wanga akudziwa, kungoti sakuuona. Ine ndikuona. Tithandizana." Anaonjeza kuti, "Ndipo usaope, sindikufuna kukwatira. Ndani angandilole ndi mano atatuwa?"

Sindinaseke. Ndinatsika phiri lija ndili wotupa, mpaka tsiku lotsatira lonse. Ndinkaganiza za mtunda wa kuchipatala, za mvula ikadzagwa njira ija nkuterera, za anthu kumudzi kuti adzati Rozina anakataya bambo ake kumapiri. Ndinatenga zovala za ana kupita kumtsinje, ndipo ndinazichapa mwaukali mpaka kabudula wa Yamikani anang'ambika. Abambo a Tadala ananditsatira nkukhala pamwala. Mukuwadziwa mkamwini wanu, salankhula zambiri.

"Amake Tadala, ndinene?"

"Nenani."

"Ine ababa ndikuwamvetsa, chifukwa inenso ndine mkamwini. Kwanu ndimakhala bwino, palibe amandinyoza. Koma chimene chimandipanga kukhala munthu wa pamudzi paja ndi inu. Mulungu aletse, mutachoka inu, ndikhoza kumwa madzi a pamenepaja koma osandifika pamtima. Amayi anati musawasiye okha. Tayang'anani uko, ali okha?"

Ndinayang'ana kumene ankaloza. Ababa anali akutsika kupita kudimba atagwira azakhali dzanja, akuwauza poponda. Tadala anali pambuyo ndi mbande za mpiru m'lichero, Yamikani akukoka khasu lomutalikira. Ndinakumbukira munthu wa pansi pa nimu uja. Amayi, pamtengo paja ndi pamene anali okha, ngakhale tonse tinali pomwepo.

Madzulo ake ndinapita kudimba nkuwauza kuti ndamva. Anangondipatsa mbande kuti ndiwoke nawo mzere umodzi. Ndinakhala pansi ndi Patuma nkumuonetsa mankhwala awo, akumwa m'mawa ndi akumwa madzulo, ndi tsiku lokatenga ena kuchipatala. Amuna ake anati adzawatengera okha panjinga. Foni yanga yakale ndinaisiya komweko, ngakhale kuti imagwira pokhapokha munthu akakwera pachulu cha kuseri kwa khola.

Loweruka ababa anatiperekeza monga ananenera. Anatisenzetsa mkoko wa nthochi ndi mizimbe yoti sitikanatha kuinyamula. Tadala atazindikira kuti agogo sakwera nawo analira mokweza, kuwakakamira jekete. Yamikani sanalire. Anangofunsa kuti, "Ndiye anyani aja muziwathamangitsa nokha?" Ababa anati, "Ndiziwauza kuti ukubwera pa Khirisimasi." Ananyamula Elina, nkumuyang'ana nthawi yaitali, kenako anandibwezera. Njinga zitanyamuka ndinacheuka. Sanaime kutiyang'ana mpaka titazimiririka monga amachitira anthu. Anali atayamba kale kukwera.

Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikawauze amalume a Jonasi. Titafika ndinapita kwawo, ndinagwada, nkuyamba kufotokoza mozungulira. Anandidula.

"Alamu atsala, eti?"

"Mwadziwa bwanji, amalume?"

"Anabwera kuno dzulo lake la ulendo wanu. Anati akakapeza kuti mtima wakhazikika, sabwerera. Ndipo anapempha chinthu chimodzi, kuti tsiku lawo likadzafika tisadzawaike kuphiri. Tidzawatenge, adzagone pafupi ndi achemwali. Ndinavomera, malo tawasungira. Atachoka pano anabwereka khasu nkulowera kumanda."

Ndinapita komweko, ndi fumbi la ulendo lomwe. Ndinapeza pamanda panu palambulidwa bwinobwino, udzu wazulidwa, miyala ya m'mbali yaikidwanso m'malo mwake. Chapamutu panali njerwa ziwiri zosanjikizana, pooneka kuti munthu anakhalapo nthawi yaitali.

Ndiye Amayi, ine ndakhala masiku onsewa ndikuopa kukuuzani, chonsecho munamva kale, ine ndisanadziwe nkomwe. Inu awiri munkatero kuyambira kale. Munkapangana zinthu kumunda, ife ana nkumadzamva zitapsa. Sindikudziwa kuti munawayankha chiyani, koma munthu amene ndinamupeza atavala jekete m'mawa uja sankaoneka ngati wakanizidwa.

Dzana ababa anaimba foni ali pachulu paja, mphepo ikusokosa. Akuti mpiru wagwira, azakhali akudya bwino, ndipo akufuna ndiwasokere malaya a manja aatali chifukwa cha kuzizira. Nsalu ndagula kale, yabuluu, mtundu umene munkawasankhira.

Ndikulonjezani ichi, Amayi. Tchuthi chilichonse ndizikwera phiri lija ndi ana, mawondo afune asafune. Mankhwala awo sadzatha ine ndili moyo. Ndipo tsiku lawo likadzakwana ndidzawabweretsa ndekha kwa inu, monga anapempha. Koma chonde musafulumire kuwaitana. Munakhala nawo zaka zambiri, tibwerekeniko pang'ono. Masuku sanapse, ndipo analonjeza Yamikani kuti akatola limodzi.

Gonani bwino, mayi wanga. Ndimakukondani lero monga kale.

Ndine mwana wanu,
Rozina